Moni Wophunzira ku Mjigo

Munya analuma chala cha a Yoramu pakhomo la tchalitchi, mpingo wonse ukuona.

A Yoramu ndi mkulu wa mpingo wathu kuno ku Dzivarasekwa, ndipo mapemphero akatha ankaima pakhomo n'kumagwira chanza aliyense wotuluka. Munya ndi mdzukulu wanga, mwana wa Bothwell, mwana wanga wamwamuna. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chibadwire sanalolepo munthu kumugwira dzanja. Ine ndinkadziwa, amake ankadziwa, Bothwell naye ankadziwa. Koma tsikulo Bothwell anavala jekete, ndipo mwamuna akavala jekete amafuna kuti chilichonse chimumvere.

"Pereka moni kwa agogo a Yoramu," anatero akumukankha kumsana.

Munya anayang'ana nsapato za a Yoramu n'kuyamba kung'ung'uza, monga amachitira zinthu zikamuchulukira.

"Msiye, Bothwell," ndinatero.

Sanandimve. A Yoramu, poti ndi munthu wabwino, anawerama n'kutenga dzanja la mwanayo kuti nkhani ithe msanga. Inathadi msanga. Anakulunga chalacho ndi mpango, n'kunena kuti, "Mano ali nawo abwino, tiyamike Mulungu." Azimayi a kumbuyo kwathu sanayamike. Ndinamva manong'onong'o awo mpaka kumsewu.

Titafika kunyumba Bothwell anavula jeketeyo n'kuiponya pampando.

"Kuyambira lero mwana uyu satuluka pageti."

"Ndi nkhuku?" ndinafunsa.

"Amayi, mwaona zimene wachita."

"Ndaona zimene wachita iwe."

Paida, mkazi wake, anangotenga mwana n'kulowa naye kuchipinda. Paida ndi Mshona wa ku Murehwa, munthu wofatsa, ndipo Chichewa anachiphunzira kukhitchini kwanga. Pa mkangano wa mayi ndi mwana salowererapo.

Vuto la Munya tinkalidziwa dzina lake. Sisita wina wa kukiliniki, isanatsekedwe, anatiuza kuti ndi otizimu. Ndinafunsa mankhwala, anati palibe. Anati mwana wotere amaphunzira kukhala ndi anthu mwa njira yakeyake, muziona chimene akuyang'ana ndipo musamuthamangitse. Ndinabwerako ndikudandaula tsiku langa lopita pachabe, poti ndinakatenga dzina basi. Anthu a mumsewu mwathu anali ndi dzina lawo. Ankati ife a ku Malawi timadziwa zitsamba, ndiye tinatenga mawu a mwana kuti tilemere. Mmodzi ndinamuuza kuti alowe adzaone chumacho, mipando yothyoka ndi wailesi yosalira. Sanabwerezenso pamaso panga.

Chimene chinkamuwawa Bothwell si zimenezo. Chinali moni. Kwathu mwana wosapereka moni ndiye kuti makolo ake ndi osaleredwa. Munya sankayang'ana munthu m'maso, sankayankha akaitanidwa, ndipo mawu ake anali owerengeka: madzi, buledi, ayi. Mlendo akalowa m'nyumba iye ankapitiriza kundandalika zitsekerero za mabotolo pansi ngati palowa mphepo. Bothwell ankaona ngati anthu akuwerenga zimenezi pamphumi pake.

Chaka chimenecho chinali 2008. Fakitale ya ku Southerton kumene Bothwell ankagwira ntchito inatseka, ndipo pasanapite nthawi anakwera basi ya ku Joni monga anzake onse. Atanyamula chikwama anaima pageti n'kubwereza lamulo lake.

"Amake Munya, mwamva. Asatuluke."

Kenaka mipopi inauma. Masukulu anali atatseka kale, magetsi ankabwera ngati mlendo wongodutsa, koma madzi ndi ena. Popanda madzi nyumba imanunkha tsiku lachiwiri. Paida ankalawirira kukagulitsa tomato ndi masamba pamalo okwerera makombi, maminibasi a kuno, apo ayi sitidya. Wotunga madzi ndinatsala ine, ku mjigo wa kuseri kwa mashopu, umene anthu a kuno amautcha chibhorani. Mzere wake unkatha theka la tsiku.

Ndinayesa kumutsekera Munya m'nyumba kamodzi kokha. Pobwerera ndinapeza chipumi chatupa, anali akuchimenyetsa kuchitseko. M'mawa mwake ndinamuveka nsapato.

"Amayi, bambo ake analetsa," anatero Paida.

"Bambo ake abwere adzatunge madzi."

"Akaimba foni ndinene chiyani?"

"Nenani kuti tili bwino. Foni ya ku Joni ndi yodula, safunsa zambiri."

Musaganize kuti zinayenda. Tsiku loyamba linali tsoka lenileni. Ku mjigo kuli phokoso la chitsulo chopopera, zigubu zogundana, makanda olira ndi azimayi okangana za malo. Munya anatseka makutu, anakuwa, anagona m'matope. Ndinamunyamula pa wilibala pamodzi ndi zigubu zopanda madzi, ine nkhalamba ya msana wowawa, anthu akutipatsa njira ngati tanyamula maliro. Tsiku lachiwiri ndinafukula chipewa cha ubweya cha malemu agogo ake aamuna n'kumuveka mpaka kuphimba makutu, dzuwa la Okutobala lili phwee. Ndinamukhazika patali pansi pa mtengo wa mango, pamene ndinkatha kumuona ndili pamzere. Analira pang'ono n'kusiya. Masiku otsatira ndinkasendeza wilibala pafupi pang'onopang'ono.

Chimene chinamukoka ndi mzere wa zigubu. Ku mjigo munthu saima pamzere, chimaima ndi chigubu chake, mwini wake ali pamthunzi kudya miseche. Mzere umenewu unkakhota ngati njoka, ndipo Munya zokhota sagwirizana nazo. Tsiku lina ndinangoona wadzuka, wapita, wayamba kuwongola zigubu za eni ake chimodzichimodzi.

"Gogo Magret, mwana wanu akugwira chigubu changa."

Ameneyo anali Febbie, mayi wa pakamwa pakuthwa amene anakulira kumafamu a ku Norton, makolo ake a kwathu ku Ntcheu. Atathamangitsidwa kufamu anadzakhala loja, wochita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ina, ndipo ku mjigo anadziika yekha kukhala wapolisi wa mzere.

"Wachidumphitsa malo?" ndinafunsa.

Anayang'ana. "Ayi."

"Wachiboola?"

"Ayi, koma..."

"Ndiye wakugwirirani ntchito yanu. Muthokozeni."

Febbie anatsonya. Koma tsiku lotsatira ndinamumva akuuza mayi wina kuti, "Musakhotetse mzere, inisipekita akubwera." Dzinalo linamamatira. Mwana wake wamkazi, Ruvarashe, wamsinkhu umodzi ndi Munya, ndi uja amayankhula osapuma ndipo safuna kuyankhidwa. Ana ena ankayesa kusewera ndi Munya, akaona kuti sakuwayang'ana ankamusiya kapena kumugenda. Ruvarashe ankangokhala pambali pake n'kumamuuza nkhani za mphaka wa eni nyumba. Anayamba kumutolera zitsekerero. Poyamba Munya ankazitenga pansi iye akaziika. Patapita milungu anayamba kumusiyira mpata kumapeto kwa mzere wake kuti aikepo chake. Akaika mokhota, Munya ankawongola, osalira. Kwa mwana wina zimenezi n'zopanda pake. Kwa Munya ndinaona kuti wabzala munda.

Mvula itayamba kunabwera kolera. Maliro anachuluka, ndipo a zaumoyo anayenda m'misewu kuuza anthu kuti asiye kugwirana chanza, ngakhale pamaliro. A Yoramu anasiya kutambasula dzanja pakhomo la tchalitchi. Ku mjigo azimayi anabwerera ku moni wakale wa Chishona, wowomba m'manja. Mkazi amapinda manja ngati timbale, amawapingasa, amawomba kawiri kapena katatu akupinda maondo pang'ono. Mwamuna amawomba manja atawongoka, zala zitaloza kutsogolo, maondo ali chilili. Aliyense wa kuno amadziwa kusiyana kwake, ngakhale ife obwera.

Ine sindinamuphunzitse Munya kanthu. Ndinalibe nthawi, ndinali kuwiritsa madzi ndi nkhuni zonyowa. Koma mwana amene sayang'ana nkhope amayang'ana manja. M'mawa wina titafika, Febbie anandiwombera m'manja monga mwa masiku onse, ine ndinabwezera. Kenaka ndinamva kumbuyo kwanga, bu, bu, bu.

Munya anali ataima kutsogolo kwa Febbie, chipewa chili m'makutu, maso ali pa chigubu chake. Manja atapinda, atapingasa. Anapindanso maondo.

Mayi wina anatsegula pakamwa kuti aimbe nthungululu.

"Amene alulute ndimuthira madzi," ndinatero chapansipansi. "Khalani ngati simunaone."

Febbie, wa pakamwa pakuthwa uja, anapinda manja. Anawomba m'manja mwaulemu ngati akulonjera mkulu. "Tadzuka, bambo inisipekita, kaya inu."

Munya anatembenuka n'kupita kukawongola zigubu.

Chisangalalo changa sichinakhalitse, chifukwa mwanayo atagwira chinthu amachigwira chonse. Pofika sabata yotsatira ankapereka moni kwa mayi aliyense wa pamzere, kuyambira kumapeto mpaka kumjigo, osadumpha. Wina akapita kuseri kwa mashopu, Munya ankaima pa chigubu chake kumudikira. Wina akachedwa kubwezera, ankawombabe mpaka abweze. Ndinkafika kunyumba madzi atatentha m'zigubu. Kenaka anatola mawu akuti mangwanani, moni wa m'mawa wa Chishona, n'kumaugwiritsa ntchito m'mawa, masana ndi madzulo omwe. Paida atawamva koyamba anakhala pansi pakhonde n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

"Musalire pamaso pake, mumusokoneza," ndinatero. "Bwezerani moni, mwana akudikira."

Anabwezera, misozi ili mbwee.

"Tiwauze bambo ake?"

"Adzaona okha. Za pafoni sakhulupirira."

Bothwell anafika Khirisimasi ili pafupi, atanyamula zikwama zazikulu za mizeremizere zodzaza mpunga, mafuta ophikira, shuga ndi sopo. Anali ataonda, ndipo ndinamumvera chisoni. Munya anamuyang'ana nsapato, anakanunkhiza sopo, n'kubwerera ku zitsekerero zake. Sanamuwombere m'manja. Ndinadziwa chifukwa chake: kwa Munya moni unali wa anthu a panja, ofika kuchokera kugeti iye akuona. Bambo ake anawapeza atakhala kale pampando pamene ankadzuka, ndiye anali katundu wa m'nyumba. Ndinati ndidikire alendo.

Anabwera tsiku lomwelo dzuwa litapendeka. Munthu wochokera ku Joni salephera alendo. Kunabwera a Yoramu, ndi Adriano woyandikana nafe nyumba, mnzake wa Bothwell wa kuubwana, amene pakamwa pake sipatsekeka. Tinawaikira mipando pansi pa mpichesi. Bothwell atawaona akutsegula geti anauza Paida kuti alowetse mwana.

"Msiye pomwepo," ndinatero.

Munya anali atawaona kale. Anadzuka, anakonza chipewa chake, anayenda mpaka pamaso pa a Yoramu, munthu yemwe uja anamuluma. Ndinaona Bothwell akugwira mpando. Mwanayo anapinda manja, anawapingasa, anawomba katatu, anapinda maondo.

"Mangwanani," anatero, dzuwa likukalowa.

A Yoramu anavula chipewa. Anali akukweza manja kuti abwezere pamene Adriano anaphulika ndi phwete.

"Iwe Bothwell, sunatiuze kuti unabala mtsikana. Malobolo tidzapereke kwa ndani?"

Sananene mwankhanza. Ndi mmene amayankhulira ndi aliyense. Koma Bothwell nkhope inachita mdima. Mwana wake amene sanapatsepo munthu moni chibadwire anali atangopereka moni, ndipo iye chimene anaona ndi maondo. Anadzuka, anagwira manja onse awiri a Munya, anawawongola ndi mphamvu n'kuwagundanitsa.

"Mwamuna amawomba chonchi. Chonchi. Imirira bwino."

"Bothwell, chotsa manja," ndinatero, koma ndinali kutali, nditanyamula thireyi ya makapu.

Kukuwa kwake kunamveka mpaka kumashopu. Munya sanalume bambo ake, anadziluma yekha pamkono, anadzimasula, anathawira m'nyumba n'kulowa pansi pa bedi langa. A Yoramu anatsala manja ali m'mwamba.

"Moni wake ndinali nditaulandira kale, mwana wanga," anatero kwa Bothwell.

Adriano anayang'ana pansi n'kukumbukira kuti wasiya madzi pamoto.

Alendo atapita Bothwell anandipeza kukhitchini.

"Ndinasiya lamulo pano."

"Unasiya lamulo, sunasiye madzi."

"Mwakhala mukumuyendetsa mulokeshoni monse, akuwomba ngati mkazi, anthu akuseka."

"Waseka ndani? Adriano anaseka ngakhale pamaliro a bambo ako."

"Mwamusandutsa choseketsa, amayi. Ine ndikuvutika ku Joni, ndikugona pansi, kuti ndibwere ndidzaone zimenezi?"

"Wabwera wadzaona mwana wako akulonjera mkulu wa mpingo. Ukanafuna kuona chiyani?"

Anatuluka, ndipo ndinamva akukukuta zinthu m'bokosi la zipangizo. M'mawa mwake ndinapeza geti litamangidwa ndi waya wokhuthala, wopotedwa kambirimbiri, pamwamba pamene mwana sangafike. Ife akulu tinkayenera kumupempha iye kuti atimasulire.

Munya anatuluka pansi pa bedi njala itamupweteka, koma manja anawabisa m'khwapa. Anadya ndi dzanja limodzi, lina lili m'khwapa. Paida atabwera kuchokera kumsika anaima pageti n'kumuwombera m'manja, monga ankachitira madzulo aliwonse. Munya anatembenukira kukhoma. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Mangwanani uja anazimiririka. Munya ankaima pageti nthawi yopita ku mjigo, chipewa chili kumutu, akung'ung'uza, kenaka n'kuyamba kugunditsa chipumi pachitsulo. Ruvarashe anabwera n'kulowetsa zitsekerero pansi pa geti. Munya sanazitole.

Miyezi yonse ija ya msana wanga inali kutha ngati mchere m'madzi, ndipo wothira madziyo anali atakhala pakhonde akukonza wailesi.

Ndinadikira mpaka madzi a m'nyumba atatha. Sindinapite ku mjigo, ndipo Paida ndinamuuza kuti asayerekeze. M'mawa wina Bothwell anatuluka ndi thawulo paphewa.

"Madzi osamba ali kuti?"

"Ali ku mjigo."

"Simunatunge?"

"Geti ndi lomanga. Ine ndine nkhalamba yomvera malamulo."

Anatsegula zigubu chimodzichimodzi. Anayang'ana Paida, Paida anayang'ana tomato wake. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinatenga pulayazi ya malemu amuna anga, ndinapita pageti n'kudula waya uja iye akuona. Manja anga ali ndi nyamakazi, ndiye zinatenga nthawi, ndipo palibe anandithandiza kapena kundiletsa.

"Nyumba ino ndi ya bambo ako, ndipo bambo ako atamwalira inatsala ndi ine," ndinatero. "Tenga wilibala. Mwana akupita nafe. Ukamukhudza, ngakhale chipewa chake, ubwerere ku Joni lero lomwe."

Tinayenda chomwecho, Bothwell patsogolo ndi wilibala yolira, ine pakati, Munya kumbuyo kwenikweni, manja m'khwapa.

Febbie ndiye anayamba kutiona.

"Azimayi, lero magetsi ayaka. Ku mjigo kwabwera mwamuna."

"Wa ku Joni weniweni," anatero wina. "Mwatibweretsera chiyani, bambo ake Munya?"

"Abweretsa mphamvu. Apope, ife tipume."

Bothwell anamwetulira ngati munthu wodwala dzino. Anaika zigubu kumapeto kwa mzere, mokhota. Febbie anasiya kuseka ataona Munya. Nkhani inali itafika kale, mulokeshoni nkhani siyenda ndi kombi. Anapita kukaima pamalo ake a masiku onse, anapinda manja n'kuwomba.

"Mangwanani, bambo inisipekita."

Munya anayang'ana matope. Febbie anadikira, kenaka anatsitsa manja n'kumuyang'ana Bothwell kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sananene kanthu, ndipo kwa Febbie kumeneko ndi kutukwana kwakukulu.

Ndinamukokera Bothwell pamthunzi wa mango.

"Tayang'ana pano. Yang'anitsitsa. Mwamuna ukumuona?"

Anayang'ana. Panali azimayi, atsikana, makanda kumsana, ndi anyamata awiri ogulitsa madzi pangolo, amene salonjera munthu aliyense.

"Amuna muli ku Joni, muli ku Botswana, otsala ali kubawa kudikira mowa umene kulibe. Mwana uyu sauzidwa, amaonera. Amayang'ana manja a anthu n'kuchita zimene manjawo akuchita. Manja amene anawaona ndi awa. Unkafuna awombe ngati ndani?"

"Mukanamuonetsa inu."

"Ine ndi mwamuna? Ndiime pano ndiziwomba ngati bambo, anthu anene kuti gogo Magret wapenga? Ndiponso pita ukalonjere anthu. Wafika pagulu la amayi ako osapereka moni, iwe wodandaula za moni."

Zimenezo zinamulasa. Anapita, akukanda kumutu, n'kuima pamaso pa azimayi achikulire okhala pamiyala. Anawongola manja, zala kutsogolo, anawomba. Phokoso la manja a mwamuna ndi lina, ndi louma. Azimayi anabwezera.

Ine ndinkayang'ana Munya. Mutu unali wozyolika, koma maso anali atapendekera kumbali, pa manja a bambo ake. Dzanja limodzi linatuluka m'khwapa, linaima m'malere, linabwerera.

Tinakhala. Mzere unkasenda pang'onopang'ono, dzuwa linakwera, Bothwell anapopera azimayi angapo madzi mpaka malaya ananyowa. Ruvarashe anabwera kudzakhala pambali pa Munya n'kuyamba nkhani ya mphaka, kuti wabereka ana m'bokosi la nsapato. Anandandalika zitsekerero yekha, mokhota dala, chifukwa kamtsikana kameneko n'kochenjera. Munya anapirira nthawi ndithu. Kenaka anatulutsa dzanja n'kuwongola chimodzi. Atatha zitsekerero anadzuka n'kupita kukawongola zigubu zathu zimene bambo ake anaika mokhota.

Madzi tinatunga dzuwa lili pamutu. Bothwell anamanga zigubu pa wilibala. Tikunyamuka, Febbie anali pafupi ndi mjigo akutsuka ndowa, sakutiyang'ana n'komwe. Munya anapatuka, anakaima kumbuyo kwake. Bu. Kamodzi kokha, kapansipansi, manja atapinda, atapingasa. Maondo anapinda pang'ono.

Febbie anatembenuka mosafulumira, anapukuta manja pachitenje, anabwezera.

Ndinamva wilibala ikutera pansi. Bothwell anali atasiya zogwirira, nsagwada zitalimba, phazi limodzi litapita kale kutsogolo. Ndinaponda phazi limenelo ndi langa, ndipo ine si munthu wopepuka.

"Ukupita kuti?"

"Ndimangofuna ndimuonetse..."

"Unamuonetsa kale, taona zotsatira zake."

Munya anadutsa pafupi nafe osatiyang'ana, n'kuyamba ulendo wa kunyumba, manja atabwerera m'khwapa. Bothwell anamuyang'ana kumsana.

"Ine sanandiwombere," anatero. "Chifikireni changa. Akulonjera anthu a m'misewu, ine bambo ake ayi."

Mawu ake anali a mwana wamng'ono, ndipo ndikanakhala mayi wina ndikanamusisita paphewa. Koma zigubu zinali padzuwa.

"Ndiye tamvera, poti uli ndi masiku ochepa usanakwerenso basi. Mawa m'mawa udzuke iye asanadzuke, utuluke kunja kwa geti. Akatuluka pakhonde, iwe ulowe ngati mlendo, uime chapatali, chammbali, osati pamaso pake. Usamuitane dzina, usamuuze kuti ndiyang'ane. Uwombe m'manja mwachimuna mmene ukufuniramo, n'kudikira. Akapanda kubweza, upite ukatenge wilibala. Mkuja uchitenso. Ku mjigo uzibwera tsiku lililonse, uzilonjera anthu iye akuona manja ako. Mwina adzatengera, mwina sadzatengera chaka chino. Tsiku limene adzakuwombere, kaya mwachikazi, kaya apinde maondo mpaka pansi, kaya anene mangwanani dzuwa likulowa, iwe ubwezere ngati munthu woleredwa. Adriano akaseka, umuuze akatunge madzi. Manja a mwanayo usawagwirenso, Bothwell. Unakula ndi manja ako awiri, gwiritsa ntchito amenewo. Tsopano nyamula wilibala, ndipo uyende kumbuyo kwake, usamupitirire."